Sewero la Chimfine ku George

Ba Ennie Miti anali atatha zaka khumi ndi zinayi akutsegulira anthu madzi pa kiosiki ya kumunsi kwa msika wa George mu mzinda wa Lusaka, ndipo m'zaka zonsezo panalibe yemwe anabwerapo kudzawafunsa za sewero. Anthu ankabwera ndi zigubu, kudandaula za kutalika kwa mzere, kujeda eni nyumba, n'kumapita. Choncho tsiku lomwe mtsikana wovala yunifomu ya unesi anaima pambali pa mzere, m'manja mulibe chigubu, Ba Ennie anangoti wasochera.

Unali mwezi wa Juni. Mphepo yozizira inkachokera cha ku Lilanda itanyamula fumbi ndi timapepala, ndipo pamzerepo chifuwa chinkangolandirana, uyu akasiya uyo wayamba.

"Ba mami, ndimwe ba Miti?" anafunsa mtsikanayo.

"Ndine. Mukufuna njira ya kuti?"

"Awe, nifuna imwe. Nine Namukolo, nesi wa pa kiliniki. Baniuza ati kudala munali na gulu ya sewelo, ija nthawi ya chimfine cha nkhumba."

Ba Ennie anaiwala kutseka mpopi mpaka madzi anasefukira n'kunyowetsa mapazi a mwini chigubu.

Namukolo anafotokoza kuti ku kiliniki kwafika malangizo okonzekeretsa anthu, kuti mliri wa chimfine ukadzabweranso usadzawapeze ali mtulo. Komanso chimfine cha nyengo yozizirayo chinali chitadzaza kale mabenchi a kiliniki, ndipo ambiri ankabwera mochedwa, matenda atalowa m'chifuwa.

"Mapepala timata, bang'amba bakulungilamo vitumbuwa," anatero Namukolo. "Mameseji pa foni bafufuta osabelenga. Manje ba sisita bakulu bakamba ati, sakilani ba Miti, baja benze kuimika msika onse."

"Woimika msika sindinali ine," anayankha Ba Ennie. "Anali Ba Fanwell."

Atatseka kiosiki masana, anadzera kuseri kwa msika komwe kunali bwalo lomwe ankaphunzirirapo sewero. Bwalolo linali litatha. Panali timashopu ta mafoni ndi kanyumba kometera, ndipo mtengo wa mango womwe ankapachikamo zovala unali utadulidwa kalekale. Anaimapo ndithu, dzuwa likuwawotcha msana.

M'chaka cha 2009 analipo anayi. Musonda ankaimba ng'oma yoitanira anthu. Christine Mwape, mnzawo wapamtima wa Ba Ennie, ankakhala mkazi wa munthu wovuta. Munthu wovutayo, yemwe m'seweromo ankatchedwa Bambo Nkhutukumve, anali Ba Fanwell Sakala, mmisiri wokonza njinga wochokera ku Petauke, wamtali ngati mlongoti, wa mawu omveka mpaka kuseri kwa mabala a mowa. Ba Ennie ankakhala nesi, atavala yunifomu yomwe Christine anasoka ndi nsalu yoyala pabedi.

Ankayala mabenchi awiri kukhala minibasi, Musonda n'kusanduka kondakitala. Bambo Nkhutukumve ankakwera, n'kuletsa anthu kutsegula mawindo, kenako n'kuyamba kutsokomola. Ha, chifuwa chake! Ankachiyambira kumimba, n'kuchikweza pang'onopang'ono ngati galimoto yokana kulira, n'kuchitulira pakhosi pa munthu wa kutsogolo. Akatero ankapukuta mphuno ndi chikhatho n'kupereka moni wa dzanja kwa aliyense, mpaka kwa owonerera, omwe ankathawa akuseka. Pamapeto pake ankagwa ndi malungo, mkazi wake akulira mokokomeza, ndipo m'pamene nesi ankatulukira ndi beseni ndi sopo. Anthu akaseka mokwanira, makutu amatseguka. Ba Ennie ankangonena mwachidule: sambani m'manja ndi sopo, tsokomolerani m'chigongono, tsegulani mawindo, wodwala akhale pakhomo azimwa madzi ambiri, koma akayamba kupuma movutika, kapena ngati ali ndi pakati, ali mwana wamng'ono, nkhalamba kapena wodwala matenda ena, musadikire mawa.

Chomwe Ba Ennie ankachikumbuka kwambiri chinali nkhani ya owotcha nyama. Dzina la matendawo linawaphera malonda, moti tsiku lina anabwera ndi mipeni yawo m'manja kudzathamangitsa asewero. Ba Fanwell sanathawe. Anapempha mbale ya nkhumba yowotcha, n'kuidya pamaso pa msika wonse, akulalikira ndi mafuta kukamwa kuti chimfinecho chimayenda ndi chifuwa cha munthu, osati ndi nyama yopsa bwino. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse mbale inkawadikira. Christine ankati pa George yense munthu mmodzi yekha ndiye ananenepa ndi mliri.

Christine anamwalira mu 2021, nthawi ya korona. Musonda anabwerera kwawo ku Mansa. Ba Fanwell, mkazi wawo atamwalira, anasamukira ku Kanyama kwa mwana wawo Sydney, ndipo panali patapita zaka zitatu Ba Ennie asanawaone.

Lachinayi m'mawa Ba Ennie anasiyira kiosiki mayi woyandikana naye nyumba, n'kukwera minibasi ya m'tauni. Mawindo onse anali otseka chifukwa cha mphepo, ndipo kumbuyo wina ankayetsemula osaleka. Ba Ennie anakankha windo la pambali pawo.

"Imwe ba mami, mufuna tife na mphepo?" anadandaula mnyamata wa jekete lachikopa.

"Mphepo siipha, mwanawe. Vala chipewa."

M'tauni anasintha basi. Ku Kanyama anafunsa katatu asanapeze nyumbayo, ya zipinda ziwiri, kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. Pakhomo panali mayi wachitsikana akuchapa, mimba ili patsogolo. Anali Chipo, mkazi wa Sydney.

"Ba tata baliko, koma badwala," anatero Chipo atamva dzina la mlendoyo. "Lelo ni siku ya namba fili. Bakana kuyenda ku kiliniki, ati ni chimfine chabe."

Chipinda cha Ba Fanwell chinali cha mdima. Windo linali lotseka, lotchingidwanso ndi katoni, ndipo pakona panali mbaula ya makala ikufuka. Pamatiresi panagona munthu wamtali uja, atafunda mabulangeti awiri, tsitsi lonse litayera. Pampando panali kapu ya madzi yodzaza ndi kapepala ka makapisozi ofiira ndi achikasu.

Ba Ennie anaima pakhomo, anavula mpango wa m'khosi n'kuumanga kukamwa ndi mphuno, ndipo analowa.

"Ba Fanwell."

Maso anatseguka pang'onopang'ono. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako milomo youma ija inamwetulira.

"Sisita," anatero. Ndi mmene ankawatchulira kuyambira masiku a sewero. "Mwabwera ndi... beseni?"

Anafuna kuseka koma chifuwa chinawagwira, chouma, chosamveka patali, ndipo chitawasiya anagwira nthiti ya kumanja ndi dzanja. Ba Ennie anawakhudza pamphumi. Panali potentha ngati chitsulo chosiyidwa padzuwa. Anaona kuti mapewa akukwera ndi kutsika mofulumira, ndipo munthuyo sankatha kumaliza chiganizo osaima pakati.

Ba Ennie anatembenukira ku windo. Anachotsa katoni, anakankha windo, ananyamula mbaula n'kukaiika panja. Chipo anafuna kulowa kuti athandize, koma Ba Ennie anamutchinga ndi mkono.

"Iwe ndi mimba yakoyo usalowenso muno. Wakhala ukuwasamalira ndiwe?"

"Nanga ndani? Ba Sydney bachoka kuseni, babwela madzulo."

"Kasambe m'manja ndi sopo, usambe bwinobwino mpaka m'zala. Ukatero uwaimbire amuna ako abwere tsopano lino. Apongozi akowa ali ndi matenda ena?"

"Bali na shuga."

Ba Ennie anabwerera m'chipinda n'kutola kapepala ka makapisozi.

"Awa mwawatenga kuti?"

"Pa kantemba... apo," anayankha, akunena kagolosale ka pamsewu.

"Inu, Ba Fanwell? Inu amene munkakuwa pa msika kuti makapisozi sapha chimfine? Kuti thupi likatentha ndi panado ndi madzi, zikapitirira ndi ku kiliniki?"

"Zija zinali... za sewero."

"Ndipo madzi awa simunamwe. Dzukani pang'ono, imwani."

Anawakweza mutu n'kuwamwetsa pang'onopang'ono. Ba Fanwell anamwa theka la kapu, n'kutembenukira kukhoma.

"Kuchipatala sindipita, Sisita. Nditha... kuchira pompano."

"Muli ndi shuga, zaka zanu zapitirira makumi asanu ndi limodzi, nthiti ikubaya, mpweya ukuperewera. Mwa zinthu zonse zomwe tinkauza anthu kuti akaziona athamange, chatsala n'chiti?" Ba Ennie anakhala pansi pambali pa matiresi, mawondo akulira. "Ine ndachoka ku George ndi mabasi awiri kudzakuitanani ku sewero. Sindinabwere kudzaona maliro. Ndikhala pompano mpaka mudzuke, ndipo mukundidziwa."

Ankawadziwadi. Sydney atafika, ali mbuu ndi simenti ya ku ntchito, anapeza bambo ake atakhala tsonga, atavala jekete, kukamwa atamangidwa kansalu koyera. Mnzake wina wa galimoto anawatenga, mawindo ali otsegula.

Ku kiliniki ya kufupi nesi anawapanitsa kachipangizo pachala, anayang'ana manambala, ndipo sanawabwezerenso pa benchi. Dokotala atawamvetsera m'chifuwa ananena kuti chimfine chabala chibayo, ndipo anawatumiza ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Anauza Sydney kuti munthu wa shuga kapena wokalamba akagwidwa chimfine chotentha thupi amayenera kuonedwa m'masiku awiri oyamba, chifukwa mankhwala olimbana ndi chimfinecho amagwira bwino akaperekedwa msanga. Atamva kuti kunyumba kuli mayi wapakati, anawonjezera kuti thupi lake likangotentha abwere nthawi yomweyo.

Zinaterodi. Loweruka Chipo anadzuka mutu ukuwawa, thupi likutentha. Sanadikire amuna ake. Anavala masiki n'kupita yekha ku kiliniki m'mawa womwewo, anapatsidwa mankhwala, ndipo patatha masiku anayi anali akuchapanso pakhomo.

Ba Fanwell anakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi, atatu oyamba ali pa mpweya wa m'botolo. Ba Ennie nawonso anakhala pakhomo masiku angapo akudzimvetsera m'thupi, poopa kukagawira anthu a pa kiosiki, koma anapulumuka. Nkhani za wodwala ankazimva kwa Sydney pa foni.

Anapitanso ku Kanyama sabata yomwe Ba Fanwell anatuluka, ulendo uno ali ndi Namukolo. Anawapeza panja, pampando wa pulasitiki, akuwothera dzuwa. Anali ataonda moti kolala ya shati inkaoneka ya munthu wina. Namukolo atapita kukacheza ndi Chipo za sikelo, awiriwo anatsala okha, atatalikirana pang'ono.

"Mukudziwa chomwe ndinkakanira?" anatero Ba Fanwell osawayang'ana. "Amake Sydney analowa m'chipatala muja akuyenda okha. Christine nayenso. Onse awiri ndinakawatenga m'bokosi. Ndiye ndinkati, ine ndifere pa matiresi panga."

"Christine anachedwa," anatero Ba Ennie. "Sabata yathunthu akufukiza masamba, akundibisira. Ndinamulakwira, sindinapite kukamuona msanga. Ndinkaopa."

Kuseri owotcherera zitsulo ankagogoda geti.

"Mukukumbuka tsiku lomwe Christine analira mopitirira muyezo m'sewero?" anafunsa Ba Fanwell. "Pa komboni ya Garden paja, titaitanidwa?"

"Mayi wina n'kuyamba kulira naye zenizeni!"

"Ndipo ine ndili gone pansi, nyerere zikundiluma kumsana, sindingadzuke chifukwa nesi sanafike. Inu muli kuseri kwa galimoto mukufunafuna sopo."

"Musonda anali atasambira!"

Anaseka mpaka Ba Ennie anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kuseka kunadzutsa chifuwa cha Ba Fanwell, ndipo anakweza mkono n'kutsokomolera m'chigongono asanaganize n'komwe.

Namukolo atabwerera, Ba Ennie anavomera kuti mawu a sewero ambiri anawaiwala. Ba Fanwell sanaiwale ngakhale limodzi. Anawanena kuyambira ng'oma yoyamba mpaka beseni, akupumira m'njira, akusintha mawu kukhala a Christine, a kondakitala, a nesi, pomwe Namukolo ankajambula pa foni. Pena ankaima n'kunena kuti, "Apa muyembekeze, anthu aseke kaye. Mukathamanga, uthenga upita ndi mphepo." Namukolo anawonjezera zatsopano zochokera m'malangizo ake: za masiki kwa wodwala ndi womusamalira, za kusapatsa ana asipirini thupi likatentha, za kusatumiza mwana wodwala ku sukulu. Ba Fanwell anawonjezeranso zawo.

"Muikemo mbaula ndi windo lotseka," anatero. "Ndi kantemba ka makapisozi. Ndaziphunzira bwino."

Osewera atsopano anapezeka mosavuta kuposa mmene Ba Ennie ankaganizira. Given, kondakitala wa minibasi za ku George, anatenga malo a Bambo Nkhutukumve. Tiza, woluka tsitsi pamsika, anakhala mkazi wake. Ng'oma inasowa, ndiye anabwereka sipika ya ku tchalitchi. Ankaphunzirira pa bwalo la kiliniki, ndipo Ba Ennie ankabwerera kunyumba mutu ukuwawa, chifukwa anawo ankasintha chilichonse. Given ankalankhula Chinyanja cha pa siteshoni, chothamanga, chodzaza Chibemba ndi Chizungu, moti mawu ena Ba Ennie ankachita kufunsa tanthauzo.

Sewero linachitika Loweruka lomaliza la Julaye, pa malo oimikapo mabasi, poti ndi pokhapo panatsala danga. Sydney anabweretsa bambo ake n'kuwakhazika pa benchi ya telala, kutali ndi chikhamu, atavala masiki ndi chipewa cha ubweya. Anthu sanachuluke ngati kale. Ambiri anaima ndi mafoni m'mwamba, akuwonera seweroli pa galasi pomwe likuchitika patsogolo pawo. Chifuwa cha Given chinali chaching'ono, cha pakhosi, ndipo Ba Ennie anaona Ba Fanwell akupukusa mutu. Koma Given anali ndi zake. Anayamba kukangana ndi okwera monga amachitira tsiku ndi tsiku, kuwapanikiza asanu pa mpando wa anayi, kulumbira kuti windo la basi yake silinatsegukepo chiigulire, ndipo oyendetsa mabasi omwe anali pamenepo anagwa nako kuseka. Pofika pa kantemba ka makapisozi, mapewa a Ba Fanwell nawonso anali akugwedezeka.

Ba Ennie anatulukira ndi beseni. Mawu awo sanafike kumbuyo monga kale, mpaka Tiza anawagwirira maikolofoni kukamwa. Ananena zomwe ankanena zaka zonse zija, pang'onopang'ono, ndipo atafika pa za kupuma movutika anaima, n'kuloza ku benchi ya telala.

"Bambo ali apowo ndi amene anayambitsa seweroli. Mwezi watha anatsala pang'ono kutisiya chifukwa chodikira masiku atatu. Afunseni okha."

Anthu anatembenuka. Ba Fanwell anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu wogwidwa akuba mango. Ena achikulire anawazindikira. Bambo wina wonenepa, wa epuloni yamafuta, anadutsa pakati pa anthu akukuwa kuti, "Ba Nkhutukumve! Muli moyo?" Anali mmodzi mwa owotcha nyama aja. Anatambasula dzanja, kenako anakumbuka, n'kugunda pachifuwa pake m'malo mwa moni.

Sewero litatha, amayi anazungulira Namukolo ndi mafunso. Wina anafunsa ngati mwana woyamwa angapitirize kuyamwa mayi ake akadwala chimfine, ndipo Namukolo anati inde, asambe m'manja, avale masiki, ayamwitse. Wina anapita kunyumba n'kubwera ndi apongozi ake okalamba omwe anali atatsokomola sabata yonse.

Mu Ogasiti Ba Fanwell anaganiza zobwerera ku Petauke. Anati fumbi la Kanyama silikugwirizananso ndi chifuwa chawo, ndipo mlongo wawo anali ndi nyumba pafupi ndi chipatala cha mishoni komwe angamatengeko mankhwala a shuga. Ba Ennie anawaperekeza ku siteshoni ya mabasi akuluakulu m'tauni, atawaphikira mbatata ndi nsawa za pa ulendo. Sydney anakweza chikwama ndi bokosi la zitsulo zokonzera njinga, lomwe bambo ake anakana kulisiya.

"Mudzabwere nthawi ya chimanga chachiwisi," anatero Ba Fanwell ali pa sitepe ya basi. "Kwanu ku Katete si kutali. Mwakhalitsa m'tauni muno."

"Zaka makumi anayi ndi ziwiri," anatero Ba Ennie. "Kumudzi ondidziwa atsala manda okha."

"Ndiye mudzaone mandawo, mudzadye ndi chimanga."

Basi inanyamuka itachedwa ndi ola lathunthu. Ba Ennie anaiyang'ana mpaka inakhota, kenako anayenda wapansi kudutsa m'tauni kupita kokwerera minibasi za ku George, akuima apa ndi apo kuyang'ana nyumba zatsopano zomwe sankadziwa kuti zinamangidwa liti. Gulu la Given ndi Tiza linapitiriza Loweruka lililonse mpaka kutentha kunayamba, linafika ku Matero ndi ku Chawama, ndipo malo a nesi anatenga mtsikana wina wa kwaya. Chipo anabereka mwana wamkazi mu Okutobala. Mu Febuluwale, mvula ili pakati, Ba Ennie anapempha masabata awiri ku komiti ya madzi, anagula chitenje chatsopano cha mlongo wa Ba Fanwell, n'kukwera basi ya kum'mawa yopita ku Petauke.